Batani Losatulutsa Munthu

MUTU 6

1. Mpando wa pakona

M'kalasi ija aliyense anali ndi dzina lachibwana. Panali Wailesi, mtsikana amene pakamwa pake sipankatseka ngakhale akutafuna. Panali Nsungwi, mnzake wa pamtima, wamtali moti polowa pakhomo ankaweramitsa mutu mwachizolowezi. Ndiye panali Mlendo.

Dzinali anamupatsa tsiku limene anafika, teremu ili pakati, atavala yunifolomu ya sukulu ina chifukwa yatsopano inali isanasokedwe. Yunifolomu inasokedwa, teremu inatha, ina inayamba, koma dzina linamukakamira. Palibe amene ankamuda. Kungoti palibenso amene ankamukumbukira. Pogawana magulu ankatsala yekha pakati pa kalasi, mpaka mphunzitsi atamulozera koti alowe. Pa nthawi yopuma ankadyera kuseri kwa thanki ya madzi, kumene kunali mthunzi wokwana munthu mmodzi.

Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Amayi ake anapita kukagwira ntchito kumzinda wakutali, namusiya m'manja mwa azakhali ake, atelala okhala m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika.

Chimene chinkamukoka Mlendo kusukulu chinali kalabu ya makompyuta. Inkakumana akaweruka, m'chipinda chimene kale ankasungiramo madesiki othyoka. Makompyuta anali akale komanso ochepa, moti ana ankasinthana. Amene ankayendetsa kalabuyo anali Madamu a imvi m'mutu, amene anagwirapo ntchito yolemba mapulogalamu zaka zambiri asanayambe uphunzitsi.

Teremu imeneyo kalabu inkamanga bwalo la macheza la pa intaneti, kuti ana a sukulu azithandizana homuweki ndi kulemberana mauthenga. Anali oti adzalionetse pa tsiku la makolo. Wailesi anasankha za mitundu ndi zithunzi. Nsungwi anatenga tsamba la mauthenga. Ntchito imene aliyense anaikana inagwera Mlendo: khomo la bwalolo, polowera ndi potulukira.

2. Chizindikiro cha chikwama

Madamu anayamba ndi kujambula sitolo pa bolodi.

"Webusaiti ndi chinthu choiwalaiwala," anatero. "Ukatsegula tsamba limodzi imakuona. Ukadina kupita pa tsamba lina, yakuiwala kale, ngati sinakuonepo chibadwire. Ndiye timaithandiza. Munalowapo m'sitolo yaikulu imene pakhomo amakulandani chikwama? Amakupatsani kachizindikiro ka nambala. Munthu wa pakauntala sasunga nkhope yanu, amangoyang'ana kachizindikiroko. Webusaiti nayo imatero. Ukalemba dzina ndi mawu achinsinsi, imasiya kachizindikiro m'kompyuta imene wakhalapo. Kachizindikiroko amati kuki."

"Yodya, Madamu?" anafunsa Wailesi.

"Iwe ukanaimaliza tisanayambe." Kalasi inaseka. "Kukumbukiridwa kumeneko, kuchokera pamene walowa mpaka pamene watuluka, ndiko timati seshoni."

Kenako Madamu anatsegula masamba a malangizo a chida chimene kalabu inkagwiritsa ntchito pomanga webusaiti. Anali masamba aatali, a m'Chingerezi, odzaza zitsanzo za m'timabokosi totuwa. Anavula magalasi, nayang'ana ana mmodzimmodzi.

"Mvetserani, chifukwa izi sindizibwereza. Zitsanzo zimenezi ndi zabwino, ine ndinaphunzirira zomwezi. Koma amene anazilemba sakukudziwani. Sadziwa kuti kuno kompyuta imodzi mumakhalapo anthu ambiri. Iye analemba chitsanzo chachifupi kuti mumvetse msanga, ndipo zofunika kwambiri anaziika pansi, kumene aulesi safika. Ndaona anthu akuluakulu, ovala mataye, akukopera theka la chitsanzo, chikagwira ntchito n'kuwomba m'manja. Chinthu kugwira ntchito si kuti chatha. Werengani mpaka kumapeto. Ndipo kumbukirani kuti kuseri kwa dzina lililonse limene webusaiti yanu idzasunge kuli munthu amene wakukhulupirirani osakuonani."

Mlendo anamva zonsezi, ndipo anagwedeza mutu ngati anzake.

Pa kompyuta yake ya pakona anakopera chitsanzo choyamba mzere ndi mzere. Chinakana. Anapeza kuti wasiya kachizindikiro kamodzi kotsekera, nakonza. Chinakananso. Anzake ankayenda uku ndi uku, kuonetsana mitundu ndi kukangana za zithunzi, koma palibe anaima kumbuyo kwa mpando wake. Atayesanso, sikirini inasintha. Pamwamba pa tsamba panalembedwa moni, ndipo pambali pake panali dzina lake lenileni, limene amayi ake okha ndi azakhali ankalitchula.

Analiyang'ana nthawi yaitali. Anabwerera pa tsamba loyamba, nalowanso, kuti angolionanso.

Chotsala chinali batani lotulukira. Intaneti tsiku limenelo inkakwawa, ndipo alonda anali atayamba kale kuliza makiyi pakhonde. Mlendo sanatsike pansi pa tsamba la malangizo. Anangopanga batani lolembedwa kuti "Tuluka", nalilumikiza ku tsamba loyamba lija lofunsa dzina. Atadina, tsamba loyamba linabwera. Poona, zinkaoneka ngati munthu watulukadi.

Sabata yomweyo bwalo linatsegulidwa kuti ana a kalabu aliyese, ena pa makompyuta a sukulu, ena pa mafoni a makolo awo.

3. Mpando wa pawindo

Tsiku lina masana kalabu inatha msanga chifukwa aphunzitsi anali ndi msonkhano. Ana anatuluka m'magulumagulu. Mlendo anapempha kutsala.

"Kiyi uyu," anatero Madamu. "Ukamaliza ukawapatse alonda."

Chipinda chinangoti zii. Kompyuta ya pakona inali itakana kuyaka kuyambira m'mawa, ndiye Mlendo anakakhala pa ya pawindo, pamene Wailesi anali atangochokapo kupita ku kwaya. Mpando unali ukadali wofunda. Pa sikirini panali tsamba loyamba, umboni wakuti Wailesi anadina batani lotulukira monga mwa lamulo.

Mlendo sanalembe dzina lake. Ankangofuna kuona ngati tsamba la macheza likuoneka bwino, choncho analitsegula molunjika. Linatseguka osafunsa kanthu. Pamwamba pake panalembedwa kuti: Moni, Wailesi.

Anazindikira nthawi yomweyo chimene chachitika. Batani lake linkangotembenuza munthu kuti ayang'ane kukhomo, koma kachizindikiro kaja kankatsala m'kompyuta. Webusaiti inkaona kachizindikiro, osati nkhope.

Asanasunthe dzanja, mauthenga anayamba kugwa kuchokera kwa amene anali atafika kale kunyumba.

"Wailesi yatsegulidwa."

"Bwera kuno iwe, kwazizira popanda iwe."

"Masamu aja wayamba? Tiuze zoona."

Mlendo anayang'ana kukhomo. Pakhonde panalibe munthu. Kunja, pabwalo la masewera, ana ena ankathamangitsana, mawu awo akumveka patali. Anaika zala pa kiyibodi, nalemba kuti: "Ndabwera."

Mayankho anabwera ngati mvula. Wina anamutumizira kankhope koseka. Wina anamufunsa ngati mawa abweretse bukhu lija. Kenako wina anadandaula za aphunzitsi a masamu, amene ankalemba pa bolodi ndi dzanja limodzi uku lina likufufuta. Mlendo anali ndi nthabwala ya aphunzitsi amenewo imene anaisunga kuyambira teremu yatha, yopanda womuuza. Anailemba: "Aja salemba kuti tiwerenge, amalemba kuti dasitala isagone ndi njala."

Bwalo lonse linaphulika. "Wandipha." "Lero wadya chiyani iwe?" "Iyi ndiye yaposa zonse."

Mlendo anaseka yekha m'chipinda chopanda anthu, mpaka anadzigwira pakamwa. Analembanso ina, ndi inanso. Dzuwa linasuntha pawindo iye osaona.

Ndiye pakona ya sikirini panatuluka kabokosi ka uthenga wa awiri okha. Anali Nsungwi, amene tsiku limenelo sanabwere kusukulu.

"Uli wekha pamenepo?"

Mlendo anayankha asanaganize. "Eya."

"Ndili ndi nkhani. Sindinauze munthu. Pakamwa pako ndimapadziwa, koma ndilibe wina. Lonjeza."

Mlendo akanatha kulemba mawu ochepa chabe, akuti si ine. Koma kulemba zimenezo kunali kuvomera kuti nthabwala zonse zija zinali zakuba. Anazengereza, ndipo Nsungwi sanadikire lonjezo. Uthenga wautali unagwa pa sikirini.

Maso amathamanga kuposa manja. Mlendo asanafike pa batani lozimitsira, anali atawerenga kale mzere woyamba: "Amayi awagoneka kuchipatala chachikulu, ndipo bambo akuti tisauze aliyense chimene awapeza nacho."

Sikirini inada. Mlendo anazula nthambo kukhoma, natseka chitseko, napereka kiyi kwa alonda osawayang'ana kumaso. Uthenga wa Nsungwi unatsala wopanda yankho.

4. Zovala za eni

Atafika kunyumba anapeza azakhali ali pa makina, mapini ali pakamwa. Kukhoma kunapachikidwa madiresi a makasitomala, ena omaliza, ena opanda manja. Pakati pawo panali diresi lobiriwira la mkwatibwi wina, lonyezimira ngati lanyowa.

Mlendo anapereka moni, nakhala pa mpando wa makasitomala chikwama chikadali kumsana.

Azakhali anachotsa mapini pakamwa. "Nkhope imeneyo wakaitenga kuti, mwana wa achimwene?"

"Palibe, azakhali. Ndatopa chabe." Anayang'ana diresi lobiriwira lija. "Azakhali, munayamba mwavalapo chovala cha kasitomala? Kungoyesa, mwini wake kulibe?"

Azakhali anaimitsa makina. Sanafunse chifukwa chake wafunsa. Anatembenuza mpando, namuyang'ana.

"Zovala za anthu zimagona m'nyumba muno, ine ndi iwe tili m'tulo. Zina n'zokongola kuposa chilichonse chimene ndidzavale mpaka kufa. Ukuganiza kuti sindizisirira? Ndimazisirira. Koma taona, mwanawe. Munthu akabwera kudzayezetsa, amandilola kumugwira m'chiuno, amandiuza pamene thupi lake lili ndi chilema choti ndibise, zinthu zimene mwina mwamuna wake sadziwa. Amatero chifukwa akudziwa kuti ine ndine telala, ndipo ndikhalabe telala iye akatembenuka. Tsiku limene ndingavale diresi lake, ngakhale osalidetsa, ngakhale iye osadziwa, ndasiya utelala, ndasanduka chinthu china. Ndipo chovala cha mwini chili ndi vuto lake. Anthu akakuyamikira kuti watchena, sayamikira iwe. Ukachivula umapezeka uli wekha kuposa poyamba."

Mlendo anaweramitsa mutu.

"Sindikufunsa kuti wavala cha yani," anapitiriza azakhali. "Ukafuna undiuza. Koma ngati wavala, ukabweze kwa mwini wake ndi manja ako, masana, iye akuona. Zobweza mozemba zimatsala ndi fungo."

Anabwezera mapini pakamwa, makina nayambanso kulira.

Dzuwa lisanalowe, Mlendo anabwereka foni ya azakhali nakakhala pakhonde. Anatsegula tsamba la malangizo lija, natsika pansi, kupitirira pamene analekera. Zinali pomwepo. Chitsanzo chachiwiri, chachifupi kuposa choyamba, chinkaonetsa mmene ungafufutire seshoni munthu akamatuluka. Pansi pake panali kabokosi kachikasu kochenjeza za makompyuta ogwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri.

Anafuna kuimbira amayi ake. Atayang'ana nthawi anakumbukira kuti akadali kuntchito, nabweza foni.

5. Mlandu wa mwini dzina

Mawa lake Nsungwi anabwera kusukulu, koma sanakhale pafupi ndi Wailesi. Tsiku lonse anali ndwii. Zinaphulika pa nthawi ya kalabu, Madamu asanalowe.

"Iwe, ndakulakwira chiyani?" anafunsa Wailesi. "Kuyambira m'mawa ukundiyang'ana ngati ndakudyera chakudya."

"Ukufunsa?" anatero Nsungwi. "Dzulo ndinakuuza nkhani imene sindinauze munthu, iwe n'kungotseka osayankha. Nthabwala za dasitala unali nayo nthawi yake. Ine ndinadikira mpaka foni kuthima."

"Dasitala uti? Dzulo ndinali ku kwaya ine."

"Usaname, Wailesi," anatero mnyamata wina. "Tonse tinacheza nawe."

"Mwapenga nonse? Kafunseni a kwaya." Wailesi anayang'ana uku ndi uku, nawona kuti palibe akumukhulupirira. Manyazi anamusandukira mkwiyo, natembenukira Nsungwi. "Ndiye nkhani yakoyo ndi yotani imene ukundinamizira nayo? Inene pompano tonse timve, tione ngati ndi yolirira."

Nsungwi anachita ngati wamenyedwa mbama. Anakhala pansi, nabisa nkhope m'manja.

Madamu analowa phokoso lili pakati. Atamva mbali zonse, anafunsa funso limodzi. "Dzulo anatsala m'chipinda muno ndani?"

Ana anayang'anana. "Palibe, Madamu. Tinatuluka tonse."

Ankanena zoona monga mmene ankazidziwira. Palibe anakumbukira kuti pakona pamakhala munthu. Madamu okha ndi amene ankadziwa amene anamupatsa kiyi, koma sanayang'ane kukona. Anangopinda manja, nadikira.

Mlendo akanatha kukhala chete. Akanakonza batani lija mwakachetechete madzulo omwewo, ndipo mlandu ukanatsala pa Wailesi, amene aliyense ankadziwa kale kuti pakamwa pake m'popepuka. Anayang'ana Nsungwi, amene mapewa ake ankagwedezeka. Kenako anakankha mpando, naimirira.

"Ndinatsala ndine."

Mitu yonse inatembenuka. Kanali koyamba kuti kalasi yonse imuyang'ane nthawi imodzi.

"Batani lotulukira ndinalipanga molakwika. Silifufuta seshoni, limangobweza munthu pa tsamba loyamba. Ndinakhala pa kompyuta ya pawindo, ndipo inanditenga ngati Wailesi. Ndinadziwa, koma sindinatseke. Amene munkacheza naye uja ndinali ine." "Nsungwi, amene anakuyankha kuti ali yekha ndinali ine. Wailesi uthenga wako sanauone."



"Ndiye unavala dzina langa," anatero Wailesi pang'onopang'ono, "n'kumaseketsa nalo anthu?"

"Eya. Pepa."

"Pepa wakoyo ukhale naye."

Nsungwi anatenga chikwama chake, natuluka.

6. Kukonza pamaso pa onse

Madamu anauza ana kuti akhale pansi. Analankhula motsitsa, koma mawu awo anafika mpaka kumbuyo.

"Pali zolakwa ziwiri pano, ndipo musazisakanize. Choyamba ndi cha batani. Chimenecho ndi cholakwa cha wophunzira, ndipo theka lake ndi langa, chifukwa ndinalola bwalo kutsegulidwa ndisanayese khomo lake. Aliyense wa inu akanatha kulakwitsa chomwecho. Chachiwiri ndi chimene unachita utaona kuti khomo ndi lotsegula. Chimenecho si cha kompyuta, ndi chako. Ana inu, ntchito imene mukuphunzirayi idzakuikani m'zipinda zimene anthu sakuonani. Mudzakhala ndi makiyi a mauthenga a anthu, zithunzi zawo, matenda awo. Palibe mlonda adzaime kumbuyo kwanu. Ambiri amene amagwa pa ntchito imeneyi si mbava ayi. Ndi anthu wamba amene anangoti ndingoona pang'ono, palibe adziwe. Ukangolowa m'dzina la mnzako, sungasankhe chimene chikupeze m'menemo. Dzulo mnzanu anafuna macheza, koma anapezamo misozi ya munthu wina."

Anatembenukira Mlendo. "Kiyi wa chipinda chino sudzamugwiranso teremu ino. Pa tsiku la makolo sudzaima kutsogolo. Koma khomo unalimanga ndiwe, ndiye ulikonza ndiwe, pano, tonse tikuona. Ndipo poti waimirira wekha ndisanakutchule, ukhalabe m'kalabu."

Kenako anayang'ana ena onse. "Inunso mudzifunse. Munthu watsala m'chipinda, nonse n'kulumbira kuti munalibe munthu. Zimenezo si zonyaditsa."

Mlendo anakhala pa kompyuta ya pawindo, anzake ataima kumbuyo kwake. Analakwitsa zilembo kangapo. Analemba mizere yofufuta seshoni. Anawonjezera ina yoti munthu akasiya kompyuta nthawi yaitali osaigwira, webusaiti imuiwale yokha. Zonse zinali m'malangizo, pansi pa tsamba.

"Tsopano tiyese," anatero Madamu. "Wina alowe ndi dzina lake, atuluke, kenako mnzathuyu akhalepo."

Palibe anasuntha. Palibe ankafuna kusiya dzina lake pa mpando umene Mlendo akhalepo.

Madamu anakoka mpando okha. Analemba dzina lawo, nalowa, nadina "Tuluka", naimirira. Mlendo anakhalapo, natsegula tsamba la macheza molunjika ngati dzulo. Tsambalo linakana, namubweza pakhomo kuti alembe dzina ndi mawu achinsinsi.

"Latseka," anatero Madamu. Palibe anawomba m'manja.

7. Pa geti

Ana anatuluka m'magulu awo. Podutsa pafupi ndi Mlendo ankatsitsa mawu. Dzulo sankamuona. Lero ankamuona, ndipo ankamulambalala. Iye anachedwa dala, akupukuta kiyibodi imene inali yoyera kale, mpaka khonde litatha anthu.

Atafika pa geti anapeza Nsungwi atatsamira chipilala, yekha, maso ali ofiira. Mlendo anafuna kudutsa cha kumbali, koma Nsungwi anaongoka namutsekera njira.

"Unawerenga mpaka pati?"

"Mzere woyamba wokha. Kenako ndinazimitsa."

"Ndikhulupirire bwanji?"

"Sindikudziwa. Koma ndi zoona."

"Nena chimene unawerenga."

Mlendo anayang'ana ngati pali wina pafupi, nanena motsitsa. "Kuti amayi ako ali kuchipatala chachikulu. Ndi kuti bambo ako akuti musauze anthu."

Nsungwi anapumira m'mwamba. Anayang'ana kumsewu, kumene Wailesi ankapita ndi gulu lake, manja akuuluka m'mwamba pofotokozera anzake nkhani ya tsikulo.

"Uthenga uja ndaufufuta," anatero. "Wailesi sadzauona. Wamva mmene anandiyankhira pagulu. Ndikanamuuza, bwenzi pofika mawa sukulu yonse ikundipepesa." Anatembenuka. "Iwe wauza ndani?"

"Palibe."

"Ngakhale kwanu?"

"Ngakhale kwathu. Komanso pasukulu pano ndingauze ndani?"

Nsungwi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akumuona koyamba.

"Usaganize kuti ndakukhululukira. Chimene unachita ndi choipa, ndipo ndikakumbukira kuti ndinkatsegula mtima wanga kwa munthu wobisala, ndimamva mseru." Anakonza lamba wa chikwama paphewa. "Koma bambo ali kuntchito mpaka madzulo, ndipo nthawi yoona odwala yatsala pang'ono. Dzulo ndinafika pakhomo la wodi, n'kubwerera. Ndinaopa mmene ndikawapezere. Lero amayi atumiza mawu kuti akufuna kundiuza okha zimene adokotala anena."

Anayang'ana Mlendo. Kenako anapitiriza.

"Pa dziko lonse lapansi, amene akudziwa ndiwe. Sindinakusankhe, koma ndiwe. Sukalankhula kanthu. Ukangoima pafupi."

Mlendo anaganiza za azakhali, amene ankamudikirira kuti akathandize kupinda m'mphepete mwa diresi la mkwatibwi. Sanachedwepo kufika kunyumba chibwerere mumzinda uno, chifukwa panalibe chomuchedwetsa.

"Ndibwereke foni ndiwauze azakhali," anatero.

Nsungwi anatulutsa foni ya bambo ake, naigwira kaye osaipereka. Kenako anaiika m'dzanja la Mlendo.

Basi yopita kuchipatala inali itaima kale kutsidya kwa msewu, kondakitala akumenya chitseko. Anawoloka, Nsungwi patsogolo. Mkati munatsala mpando umodzi wa anthu awiri. Atakhala, basi isanadzuke, Nsungwi analankhula maso ali pawindo.

"Mzere wachiwiri, wonena chimene amayi awapeza nacho, sunauwerenge. Ndiyenera kukuuza tisanafike, kuti usakadzidzimuke pamaso pawo."